Ulendo wa banja ku Cape Maclear: kuyambira pakhomo mpaka pa chilumba cha Thumbi

Ana athu ambiri nsomba amaidziwira m'mbale. Usipa amauona uli wouma pa msika, chambo amachiona chitakazingidwa kale. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu tsiku limene anaviika nkhope m'madzi pa chilumba cha Thumbi, atavala galasi loonera pansi pa madzi. Sanachedwe kuvuuka, madzi ali chuu m'tsitsi, n'kukuwa kuti, "Adadi, zabuluu! Zilipo zambirimbiri!" Chichokereni tsiku limenelo ndimauza kholo lililonse kuti ulendo wa ku Cape Maclear muziukonza mozungulira chinthu chimodzi chimenechi: mwana aone mbuna, tinsomba ta m'miyala ya m'nyanja, zamoyo ndi maso ake, ndipo abwerere kunyumba ali bwinobwino. Zina zonse n'zongothandizira.

Cape Maclear ili m'boma la Mangochi, kunsonga kwa dera la Nankumba, ndipo mudzi waukulu wa pamenepo ndi Chembe. Malowa ali mkati mwa Lake Malawi National Park, paki yomwe boma linakhazikitsa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi. Azungu amalipira ndege kudzaona zimenezi. Ife timangofunika mafuta a galimoto kapena ndalama ya minibasi.

Yambani ndi kusankha nyengo

Tchuthi chachitali cha ana a sukulu chimayamba chakumapeto kwa Julaye n'kudutsa Ogasiti yense. Nthawi imeneyi kulibe mvula, udzudzu ndi wochepa, misewu ndi youma. Vuto lake ndi mwera, mphepo ya kummwera ija imene imawomba m'miyezi yozizira n'kuvundula nyanja. Mwayi wa Chembe ndi woti gombe lake linayang'ana chakumpoto chakumadzulo ndipo mapiri ali kumbuyo amatchinga mphepoyo, koma boti likangotuluka kuseri kwa zilumba mafunde mumawamva. Ngati mukupita mu Ogasiti, sankhani kumapeto kwake, ndipo ana muwatengere majuzi chifukwa m'mawa kumazizira.

Ine ndimakonda Sepitembala ndi Okutobala. Madzi amakhala odekha, oyera moti mwala wa pansi umauona uli m'boti. Kutentha kwa Okutobala kunyanja si kwamasewera, choncho ngati muli ndi khanda kapena agogo odwala BP, ganizirani kawiri. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, komanso Khirisimasi ndi chaka chatsopano, anthu amakhamukira kunyanja, zipinda zimatha, nyimbo zimalira mpaka mbandakucha. Kwa achinyamata n'kosangalatsa. Kwa banja la ana aang'ono, pitani sabata yotsatira. Mu Disembala mvula ikagwa mitsinje imakokolera matope m'nyanja ndipo madzi a m'mbali amachita bii, komanso ndi nthawi ya malungo.

Masiku atatu ndi okwanira: lofika, la boti, ndi loyenda pansi n'kubwerera. Mukakhala ndi lachinayi, ndiye bwino kwambiri, chifukwa mphepo ikakana tsiku la boti mumakhala ndi lina.

Ndalama

Ulendo woterewu sumangodzuka nawo. Ife tinayamba kuponya pang'onopang'ono miyezi inayi usanafike, ndipo ya chipereganyu cha kuntchito itatigwera tinaiika pambali yonse. Gawani ndalamazo m'zigawo zisanu: mayendedwe, pogona, chakudya, boti pamodzi ndi chiphaso cholowera m'paki, ndi yapadera ya zadzidzidzi yomwe simuikhudza. Mitengo imasintha kawirikawiri, ndiye musadalire zimene mnzanu analipira chaka chatha. Imbani foni mufunse. Amalawi amalipira ndalama yocheperapo polowa m'paki kusiyana ndi alendo akunja, choncho chiphaso cha unzika chisatsale kunyumba.

Tapani ndalama musananyamuke, kapena pa boma la Mangochi ngati mukudzera kumeneko. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma netiweki ikavuta kapena ejenti akakhala alibe ndalama, msodzi amene akukugulitsani kampango sadikira. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba.

Pogona: funsani mafunso oyenera

Gombe la Chembe ndi lalitali ndipo malo ogona anandanda m'mbali mwake, ena okwera mtengo, ena oti banja wamba lingakwanitse, ena ongokhomapo tenti. Pakati pa mudzi pamakhala piringupiringu: maboti a asodzi, mathandala oyanikapo usipa, ana osambira, amayi otsuka mbale. Mukamalowera ku Otter Point, kumapeto kwa gombe, kumakhala bata. Poimba foni musangofunsa mtengo. Funsani ngati bedi lililonse lili ndi neti, ngati amalola kuphika nokha, ngati madzi akumwa alipo, ngati pali bala pafupi ndi zipinda, ndiponso ngati mchenga wa pagombe ulipo. Funso lomalizali lingamveke lachilendo, koma mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri moti malo ambiri a m'mbali mwa nyanja madzi anafika pakhonde. Apempheni akutumizireni chithunzi cha lero pa WhatsApp. Mukatumiza ndalama yosungitsira chipinda, sungani uthenga wake.

Kuphika nokha n'kumene kumapulumutsa thumba. Banja la anthu asanu kudya m'lesitilanti katatu patsiku, ndalama ya boti imathera pamenepo.

Zolongedza

Ufa, mpunga, mafuta ophikira, shuga, masamba a tiyi, anyezi ndi tomato, gulani kwanu kapena m'njira. Ndiwo mukazipeza konko. Tengani mbaula ndi makala anu kapena kasitovu ka gasi, chifukwa kutola nkhuni m'nkhalango ya paki popanda chilolezo ndi mlandu. Madzi akumwa a m'mabotolo akuluakulu, tochi, zipewa, zitenje zingapo (chitenje kunyanja chimakhala thaulo, mthunzi, mphasa komanso chotchingira posintha zovala), mankhwala opaka othamangitsa udzudzu, panado, ORS, mabandeji, ndi mabuku a kuchipatala a ana. Nsapato zapulasitiki zomanga kumbuyo n'zabwino pa miyala yoterera kuposa mapatapata. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa nawonso tengani. Ambiri timaganiza kuti khungu lakuda silipsa, koma mapewa a mwana amene wasambira tsiku lonse amasupuka. Ngati m'banjamo muli mwana wachialubino, mafutawa, chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali zikhale zoyamba kulowa m'chikwama.

Galasi loonera m'madzi limabwerekedwa konko, koma ambiri amakhala a akuluakulu ndipo pankhope ya mwana amalowetsa madzi. Mukapeza laling'ono m'tauni, gulani. Mwana aliyesere kunyumba m'beseni lalikulu, aphunzire kupumira pakamwa kudzera mu kapaipi kaja. Zimaoneka zachibwana, koma mwana amene wayeserera sachita mantha akafika pa nyanja.

Msewu

Ochokera ku Lilongwe ali ndi njira ziwiri. Ina ndi yodzera ku Salima n'kutsetsereka ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka pa Golomoti. Ina ndi yodutsa Dedza, kukhotera kumanzere pa Masasa n'kutsika Khwekhwerere mpaka pa Golomoti pomwepo. Khwekhwerere ndi wokongola, chigwa chonse chimaonekera pansi, koma ndi wokhotakhota ndi wotsetsereka zedi. Mabuleki ayesedwe musananyamuke, tsikani ndi giya yaing'ono, ndipo ana amene amachita nseru m'galimoto asadye zamafuta m'mawa umenewo. Ngati nthawi ilipo, Mua ili pafupi ndi Golomoti, ndipo pa KuNgoni ana akaona zosema ndi nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Kuchoka pa Golomoti mumalunjika ku Monkey Bay.

Ochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde, Mangochi, kenako msewu wa ku Monkey Bay. Mbali zonse ziwiri werengerani maola anayi kapena asanu pamodzi ndi kuima m'njira. Nyamukani m'mamawa. Thirani mafuta odzaza thanki pamene mwawapeza, musanene kuti tikathira kutsogolo.

Mutatsala pang'ono kufika pa Monkey Bay pali mphambano yolowera kumanzere ku Cape Maclear, mtunda wa makilomita pafupifupi 18. Msewuwu ndi wopapatiza, umakwera ndi kutsika m'mapiri a paki, ndipo anyani amakhala m'mbali mwake. Tsekani mawindo ndipo musawaponyere chakudya ngakhale ana achonderere. Nyani wozolowera kupatsidwa amadzalanda m'manja mwa mwana wa wina. M'njira yomweyi muli Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati mphini zotemedwa pankhope. Imani pang'ono ana aukhudze, ndipo muwafotokozere kuti mphini n'chiyani, chifukwa ambiri a iwo sanazionepo pa nkhope ya agogo.

Oyenda pa basi, kwerani ya ku Monkey Bay, mutsike pamphambano kapena pa Monkey Bay penipeni, mupeze galimoto yolowera ku Chembe. Njinga zamoto za kabaza zilipo zambiri, koma ndi ana ndi katundu m'mapiri amenewo, dikirani galimoto.

Tsiku lofika

Musathamangire m'madzi. Tsitsani katundu, yang'anani maneti ngati sanabooke, kenako funsani eni malo kuti posambira pabwino ndi pati, pakuya pamayambira pati, ndiponso ngati kwaoneka ng'ona kapena mvuu masiku amenewo. Eni dera amadziwa. Ikani lamulo limodzi pamaso pa ana onse: palibe wolowa m'madzi popanda wamkulu woima pafupi, ndipo wamkuluyo foni yake ikhale m'chikwama. Ngati akuluakulu muli awiri kapena atatu, muzipatsana ntchitoyi momveka, "tsopano ndi inu," chifukwa ngozi zambiri zimachitika pamene aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Amene wamwa mowa sayang'anira ana ndipo sasambira.

Kumbukirani kuti Chembe ndi mudzi wa anthu, umodzi mwa midzi ingapo yomwe inatsala mkati mwa paki. Perekani moni. Mukachoka pamchenga kulowa m'mudzi, mayi amange chitenje, bambo avale malaya. Musajambule amayi akusamba kapena akuchapa, ndipo msodzi mumupemphe kaye musanamutole chithunzi. Madzulo dzuwa limalowera m'nyanja cha kumene kuli zilumba, ndipo kukada mudzaona nyali za asodzi a usipa zitandanda pamadzi ngati tauni ina. Nyalizo zimakopa usipa kuti usonkhane, kenako alovi amauzinga ndi khoka la chilimira. M'mawa mwake lawirirani ndi ana kukaona maboti akukocheza, mugule usipa wauwisi wofutsa kapena wokazinga pa nkhomaliro.

Madzulo omwewo ndi nthawi yopangana za boti.

Tsiku la boti

Apa ndiye pagona ulendo wonse, choncho musachite mwaphuma. Pagombe mudzakumana ndi anyamata ambiri okuitanirani boti. Operekeza alendo a ku Cape Maclear ali ndi bungwe lawo, ndipo njira yabwino ndi kupempha a pamalo pamene mwagona kuti akupezereni wodziwika. Panganani zonse usiku: mtengo wa boti lonse, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, ngati magalasi oonera m'madzi ali momwemo, ngati chakudya chili momwemo, ndiponso amene alipire chiphaso cha paki. Ndalama yonse musapereke lisanafike tsikulo. Yogulira mafuta ndi yokwanira.

Majaketi oyandamitsa pamadzi muwaone ndi maso anu, ndipo mwana aliyense ayese lake. Jaketi lalikulu pa mwana wamng'ono limavuka akangogwera m'madzi. Mumange zingwe zake, mumunyamule pogwira m'mapewa a jaketilo. Likakwera mpaka m'makutu, silikumukwana. Ife tsiku lina tinabweza boti chifukwa linabwera ndi majaketi atatu pamene tinalipo asanu ndi mmodzi. Mwini wake anadandaula, anati pafupi pomwepa, sitichedwa. Tinakana, ndipo pasanathe theka la ola anabwera nawo okwanira. Kanani inunso. Boti lisadzaze kupyola muyezo, ndipo woyendetsa akanena kuti nyanja lero siili bwino, mumvereni.

Nyamukani cha m'ma 8 koloko, mphepo isanadzuke. Thumbi ili pafupi, mumaiona muli pagombe, ndipo pa boti la injini ndi mphindi zochepa chabe. Domwe ndi chilumba chachikulu chija chili chakumanja, pamene Mumbo ili kutali ndipo kwa ana aang'ono ndingati isiyeni kaye.

Boti likaima pa miyala ya Thumbi, wamkulu ayambe kutsika. Pezani mwala wathyathyathya pomwe madzi akulekeza m'chiuno. Mwana avale jaketi ndi galasi, inu mumugwire pamimba ndi manja awiri, agone chafufumimba pamadzi, aviike nkhope. Musamukakamize. Wina amafuna kuyamba waonera ali m'boti, wina amalira kaye. Mwana wathu wamwamuna anakana kwa ola lathunthu, akungoviika zala, mpaka kansomba kachikasu kanadzamujompha chala chaphazi. Anaseka, n'kupempha yekha galasi.

Zimene adzaone ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala ta mitundumitundu: zabuluu zamizere yakuda, zachikasu, zamawangamawanga. Zimadya ndere zomera pa miyala, ndipo mukakhala chete mudzaziona zikupala mwala ndi milomo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Popeza mbuna sizikonda kuwoloka pamchenga kapena pakuya, za pachilumba china zimasiyana ndi za pachilumba chinzake. Auzeni ana ayang'ane nsomba yotupa kukhosi imene sikudya: imeneyo ndi yaikazi, yafungatira mazira kapena ana ake m'kamwa. Mukachita mwayi mudzaiona ikulavula tiana, ndipo chinthu chikatiopseza timathamangiranso m'kamwa mwa mayi wawo. Ana zimenezi saziiwala.

Madzi a mamita 100 kuchokera m'mbali mwa zilumba ndi magombe a paki ndi otetezedwa. Musawedze, musagwire nsomba yoti mukaike m'botolo kunyumba, musatole miyala. Operekeza ena amamwaza buledi kuti nsomba zisonkhane. Ine ndimawapempha asatero, chifukwa mbuna zimabwera zokha ndipo buledi si chakudya chake. Mapepala a masiwiti, majumbo ndi mabotolo zibwerere nanu m'boti.

Pobwerera woyendetsa amaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi, ndipo nkhwazi imachoka mumtengo, kutsika mothamanga n'kuitola ndi zikhadabo. Ana akhale pansi nthawi imeneyi, chifukwa onse akathamangira mbali imodzi boti limapendekeka. Muwakumbutse kuti mbalame imeneyi ndi yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Pofika 12 koloko mukhale mutabwerera kapena muli pamthunzi, ndipo ana azimwa madzi ngakhale asanene kuti ali ndi ludzu.

Tsiku loyenda pansi

Kumapeto kwa gombe kuli chipata cha paki cholowera ku Otter Point. Lipirani, mulandire lisiti, muisunge. Mkatimo muli kanyumba kophunzitsira za chilengedwe ndi mbiri ya nyanja, milambe ikuluikulu, apusi, mbira za m'miyala ndi ng'azi zoothera dzuwa. Dzina la malowa linachokera kwa akatumbu (otter pa Chingerezi), ngakhale kuwaona kumafuna kulawira ndi kukhala chete.

Chapafupi pomwepo pali manda a amishoni. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, pakati pawo Dr Robert Laws, anafika pano ndi sitima yotchedwa Ilala n'kukhazikitsa mishoni ya Livingstonia. Malungo anawapha angapo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 anakwera ku Khondowe komwe kuli Livingstonia ya lero. Mwana wa pulayimale amene anangoloweza zimenezi pokonzekera mayeso amaima chilili akaona kuti mandawo alipodi. Mulekeni awerenge yekha mayinawo.

Okonda kukwera mapiri, njira zilipo, koma tengani woperekeza ndipo muyambe dzuwa lisanakwere.

Likodzo ndi malungo

Izi sindingazilumphe. Ku Cape Maclear likodzo liliko. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pomwe pali bango ndi udzu komanso pomwe anthu ambiri amasamba ndi kuchapa, ndipo timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Pewani malo oterowo, sambirani pa miyala ya kuzilumba kapena pomwe madzi akuyenda, ndipo mukatuluka dzipukuteni msanga ndi thaulo. Zimenezi zimachepetsa chiopsezo koma sizichichotsa. Ana muwauze kuti kukodza m'nyanja n'kumene kumafalitsa matendawa, apite kuchimbudzi asanalowe m'madzi.

Usiku aliyense agone m'neti, ndipo madzulo ana avale zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo. Mwana akatentha thupi muli konko, m'mudzi wa Chembe muli chipatala chaching'ono ndipo ku Monkey Bay kuli chokulirapo. Akatentha thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerera, pitani naye akayezedwe malungo tsiku lomwelo, ndipo muwauze adokotala kuti munali kunyanja.

Pobwerera

Nsomba zopita nazo kwa achibale gulani m'mawa wa tsiku lonyamuka. Chambo chabwino maso ake amakhala owala, makha ofiira, ndipo mukachidina ndi chala mnofu umabwerera. Tiana ta chambo musagule ngakhale atchipitse motani, chifukwa ndi timeneti tikanadzaswa mawa. Ngati mulibe bokosi la ayezi, tengani zowamba kapena usipa wouma, poti ulendo wa maola asanu pa dzuwa nsomba yaiwisi siupirira. Sesani pamene munaphikira, lipirani amene anakuthandizani, ndipo nyamukani nthawi yoti Khwekhwerere kapena msewu wa Liwonde muudutse kukuwala.

Mukafika kunyumba, tengani kalendala muwerenge masabata asanu ndi atatu kuchokera tsiku lomaliza limene munalowa m'madzi, mulembepo chizindikiro. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amagwira bwino tizilombo tikakhwima, n'chifukwa chake kumwa tsiku lobwerera sikuthandiza kwenikweni. Tsiku munalembalo likakwana, pitani kuchipatala banja lonse, ngakhale palibe amene akumva kupweteka kapena kuona magazi mumkodzo. Mlingo wa mankhwalawa umatengera kulemera kwa munthu, choncho ana akakwere sikelo, ndipo amwe atadya.